Inki ya bolopeni yakana kukwera pa pepala: chalakwika n'chiyani?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa pa sukulu ina ya sekondale yoyendera cha ku Lizulu, m'boma la Ntcheu:

"Ndimaphunzitsa Kemisitiri koma labotale tilibe. Sabata yatha ndinafuna kuwaonetsa ana chromatography. Ndinaika kadontho ka inki ya bolopeni yakuda pa pepala la m'kope, n'kuviika nsonga yake m'madzi monga chikuonetsera chithunzi cha m'buku. Tinadikira mpaka belu kulira, kadontho kali pomwepo, pepala langonyowa. Ana ena anayamba kunena kuti za m'bukuzi n'zabodza. Ndinalakwitsa pati? Nanga kwenikweni chimene chimalekanitsa mitunduyo n'chiyani? Ine ndimangowauza zimene ndinaloweza."

Aphunzitsi, zikomo polemba mosabisa. Buku silinaname, ndipo inunso simunasochere patali. Zinakutsutsani ndi zinthu ziwiri, pepala ndi madzi. Pepala la m'kope analipanga dala kuti lisamamwe madzi msanga, kuopa kuti inki ingamamwazike polemba. Inki ya bolopeni nayo anaipanga kuti isamasungunuke m'madzi. Ndiye munaika inki yosamva madzi pa pepala losamwa madzi, moti ngakhale mukanadikira mpaka dzuwa kulowa, kadonthoko sikakanasuntha. Koma pepala lolepheralo musalitaye. Ine ndikanakhala inu ndikanalimata pa bolodi, chifukwa nkhani yonse ya chromatography yagona pamenepo.

Mu chromatography iliyonse, kaya ya kapepala ka m'botolo kaya ya makina odula a m'labotale, mumakhala zinthu ziwiri zolimbirana katundu mmodzi. China chimakhala phee pamalo pake, chimene mabuku amachitcha stationary phase. Kwa inu chimenechi ndi pepala. China chimayenda, mobile phase, ndipo kwa inu ndi madzi kapena sipiriti. Madziwo amakwera okha m'timipata ta pakati pa ulusi wa pepala, monga momwe parafini amakwerera m'chingwe cha koloboyi popanda womukankha. Akafika pa kadontho ka inki, utoto uliwonse umene uli m'menemo umakokedwa mbali ziwiri: pepala likufuna kuugwira, madzi akufuna kuutenga. Utoto wokonda madzi kuposa pepala umapita patali. Wokonda pepala umatsalira. Wosasungunuka n'komwe, ngati wa bolopeni yanu ija, sunyamuka.

Ana anu msika wa Lizulu amaudziwa, ndiye auzeni chonchi. Minibasi yaima pa msewu, anthu atatu atsika limodzi, onse akufuna kukatulukira mbali ina ya msika. Woyamba ndi mlendo, sadziwa munthu, alibenso chogula, ndiye angodutsa. Wachiwiri aima pa kachewere kufunsa mtengo wa ndowa, aimanso pa kabichi. Wachitatu ndi mwana wa pomwepo: apa pali azakhali, apo pali mlamu, uko mnzake wa kumpingo, ndipo wamkulu sadutsidwa popanda moni. Pakatha mphindi 20 mlendo uja watuluka kale, wachiwiri ali pakati, mwana wa pamudzi akadali pafupi ndi pamene anatsikira. Tsono mfundo imene ambiri amaiphonya ndi iyi: anthu atatuwa akamayenda, amayenda liwiro limodzi. Palibe wa miyendo yaitali. Awasiyanitsa ndi nthawi imene aliyense watha ataima. Mamolekyu a utoto nawonso, akakhala m'madzi amayenda pa liwiro la madziwo, akamatirira pa pepala amaima, kenako amamasuka, amayendanso, amamatiriranso, kambirimbiri osawerengeka. Ndimamva ana ambiri akuyankha kuti utoto wopepuka ndiwo umakwera kwambiri, wolemera umatsalira. Yankho limenelo muwachotse nalo msanga. Pa pepala nkhani si kulemera, nkhani ndi kusungunuka ndi kumatirira.

Nanga n'chifukwa chiyani utoto wina umakonda pepala, wina ayi? Ulusi wa pepala ndi cellulose, chinthu chomwecho chimene chimapanga thonje. Pamwamba pake pali timagulu tambirimbiri ta okosijeni ndi haidirojeni timene timagwira madzi, moti pepala looneka louma limakhalabe ndi kachinyezi kosaoneka komatirira pa ulusi. Zinthu za gulu la madzi, zimene mabuku amati polar, zimagwirana ndi ulusi umenewu komanso zimasungunuka m'madzi. Mchere ndi shuga zili m'gulu limeneli. Zinthu za gulu la mafuta zimathawa madzi, monga mumaonera mafuta ophikira akuyandama pamwamba pa msuzi. Chinthu chimasungunuka mu chinzake chofanana nacho chikhalidwe. Utoto wa bolopeni anausakaniza ndi zomatira zimene madzi sazitha, koma sipiriti amazisungunula. Afunseni ana amene kope lawo linanyowapo ndi mvula pa njira: zolemba za bolopeni zimawerengekabe likauma, pomwe zojambula za maka zimasanduka mtambo wa mitundu. Mtambo umenewo ndi chromatography imene mvula inachita yokha.

Pobwereza, yambirani pa chophweka. Pezani timamaka ta ana tojambulira zithunzi, tija timachoka ndi madzi, makamaka takuda, tabulauni ndi tobiriwira. Kala wa zakudya amene amayi amathira m'mafirizesi nayenso amachita bwino. Wobiriwira kawirikawiri amakhala wachikasu wosakaniza ndi wabuluu, ndipo ana amadabwa akaona awiriwa akusiyana njira. Pepala labwino ndi filter paper, ndipo ngati sukulu ya boma yoyandikana nayo ili ndi labotale, kupempha timapepala tingapo si chinthu chochititsa manyazi. Likasowa, yesani m'mphepete moyera mwa nyuzipepala. Tishu amamwa madzi mothamanga kwambiri, mitundu siipeza mpata wolekana bwino, koma pakasowa zonse amaonetsabe kenakake.

Dulani kapepala kotalika masentimita 10 kapena 12. Lembani mzere ndi pensulo masentimita 2 kuchokera pansi. Ndi pensulo, osati cholembera cha inki, chifukwa mtima wa pensulo ndi graphite, amene sasungunuka m'madzi kapena mu sipiriti, pomwe mzere wa inki ungakwere nawo n'kusokoneza zonse. Pa mzerepo ikani kadontho kakang'ono ngati kambewu ka mpiru. Kasiyeni kaume, onjezerani kena pamwamba pake, kaumenso. Apa ndi pamene ana amapupuluma, amafuna dontho lalikulu looneka bwino, koma dontho lalikulu limatulutsa mizere yotambalala yolowererana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'botolo loyera thirani madzi osapitirira sentimita imodzi, kuti akhale pansi pa kadontho. Kadonthoko kakamira, utoto umangosungunukira m'botolo, ndiye mwatsuka pepala basi. Mangirirani kapepalako ku kamtengo kapena pensulo yopingasa pakamwa pa botolo, kasakhudze m'mbali, ndipo vindikirani. Chivindikiro si chokongoletsera. Chimasunga mpweya wa m'botolo uli wachinyezi kuti madzi asamaume pa pepala ali pa ulendo. Madzi akatsala pang'ono kufika pamwamba, chotsani pepala, ndipo nthawi yomweyo lembani ndi pensulo pamene afika, poti likauma malirewo saonekanso.

Kenako bwererani ku bolopeni ija. Ikani mabotolo awiri moyandikana, lina la madzi, lina la sipiriti, inki imodzimodzi, pepala limodzimodzi. M'madzi kadontho kadzakhala phee monga sabata yatha. Mu sipiriti kadzanyamuka, ndipo kawirikawiri mumaona utoto wapepo kapena wabuluu ukutuluka mu inki imene ana amaiyesa yakuda. Mwasintha chinthu chimodzi chokha, ndipo zotsatira zasintha. Ana amene amati buku n'labodza aja muwapatse mapepala awiriwo afotokoze okha. Chenjezo langa ndi pa sipiriti wa m'magolosale, wa mtundu wapepo uja. Mtundu umenewo ndi utoto wothiramo kuti anthu asamwe, ndipo nawonso umakwera pa pepala. Nthawi ina ndikuthandiza achinyamata kukonzekera chionetsero cha sayansi, tinapeza utoto wapepo mu inki iliyonse imene tinayesa, ngakhale yofiira, mpaka tinazindikira kuti ukuchokera m'botolo. Gulani sipiriti woyera wa ku famase. Ndipo popeza sachedwa kuyaka, mbaula kapena kandulo zisayandikire, mawindo akhale otsekula.

Chimene ine ndimachikonda kuposa inki ndi masamba, ndipo kwanuko ndiye kwawo kwa masamba. Tengani nkhwani, bonongwe kapena chisoso, sinjani ndi sipiriti pang'ono mpaka msuzi ubiriwire kwambiri, muusefe ndi kansalu. Donthezani pa mzere kakhumi kapena kuposa, mukuumitsa nthawi iliyonse. Mukagwiritsa ntchito sipiriti yekha mudzaona chobiriwira ndi kamzere kachikasu, osati zambiri. M'labotale timaviika pepalalo m'zosungunulira ziwiri zosakaniza, magawo 9 a petroleum ether ndi gawo limodzi la acetone, ndipo pamatuluka mizere inayi. Pamwamba penipeni pamakhala carotene wachikasu chopita ku olenji, amene ali wa gulu la mafuta ndipo pepala silimugwira. Pansi pake pali xanthophyll wachikasu, kenako chlorophyll a wobiriwira mopita ku buluu, ndipo wotsalira ndi chlorophyll b wobiriwira mopita ku chikasu. Mwana akaona zimenezi amamvetsa kuti chikasu cha tsamba lokalamba sichichokera kwina. Chinalimo kale, chobiriwira chinangochiphimba.

Masamba omwewa ndi amene anayambitsa luso lonseli. Mikhail Tsvet, katswiri wa zomera wa ku Russia amene anabadwira ku Asti m'dziko la Italy mu 1872, ankagwira ntchito ku Warsaw pamene anathira msuzi wa masamba m'kapaipi kagalasi kodzaza ndi ufa wa calcium carbonate, n'kumathira chosungunulira pamwamba. Mizere yobiriwira ndi yachikasu inalekana ikutsika. Anafotokoza za njirayi mu 1903, ndipo mu 1906 anaipatsa dzina lochokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza mtundu ndi kulemba. Akatswiri ambiri a nthawi imeneyo sanailabadire, ndipo iye anamwalira mu 1919 asanaone ntchito yake ikulemekezedwa. Inadzatsitsimuka mu 1931 pamene Richard Kuhn ndi Edgar Lederer anaigwiritsa ntchito ku Heidelberg polekanitsa mitundu ya carotene. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa calcium carbonate ndi amene amapangira choko china cha m'kalasi. Imikani choko choyera m'kambale ka sipiriti, mutaika kadontho ka inki pafupi ndi pansi, ndipo mudzakhala mukuchita pafupifupi zimene anachita Tsvet, kungoti zanu zikukwera pomwe zake zinkatsika. Choko chofewa chotulutsa fumbi ndicho chimamwa bwino. Chosalala chija chopanda fumbi chimavuta.

Njira ya pepala imene ili m'buku lanu inabwera pambuyo. Archer Martin ndi Richard Synge ankafufuza za ubweya wa nkhosa ku Leeds, akufuna kulekanitsa ma amino acid ake, tizidutswa timene timapanga puloteni, ndipo mu 1941 anaonetsa kuti zinthu zingalekane pogawikana pakati pa madzi ogwidwa pamalo amodzi ndi chosungunulira china choyenda. Mu 1944 Martin ndi anzake awiri, Consden ndi Gordon, anasamutsira nzeruyi pa pepala. Martin ndi Synge analandira mphoto ya Nobel mu 1952. Ma amino acid alibe mtundu, ndiye pepala likauma ankalipopera mankhwala otchedwa ninhydrin, amene amawasandutsa madontho apepo. Muwauze ana zimenezi, chifukwa dzina loti chromatography limawanamiza kuti ndi nkhani ya mitundu yokha, pomwe zambiri zimene timalekanitsa masiku ano n'zosaoneka ndi maso.

Tsopano za Rf, nambala yoonetsa kutalika kwa ulendo wa utoto poyerekeza ndi wa madzi, poti pa mayeso amafunsa. Yezani kuchokera pa mzere wa pensulo kufika pakati pa dontho la utoto, mugawe ndi mtunda wochokera pa mzere womwewo kufika pamene madzi analekezera. Madzi akayenda masentimita 8, utoto wabuluu masentimita 6, Rf yake ndi 0.75. Wachikasu ukayenda masentimita 2, yake ndi 0.25. Ilibe masentimita kumapeto, chifukwa mwagawa mtunda ndi mtunda. Singapitirire 1, pakuti katundu sangatsogole womunyamula, ndiye mwana akapeza 1.3 adziwe yekha kuti watembenuza masamu. Inki ya bolopeni yanu m'madzi inali ndi Rf ya 0, ndipo limenelo ndi yankho lenileni, osati kulephera.

Pali chinthu chimodzi chimene mabuku ena amachinena mopepuka, ine sindigwirizana nacho. Amati Rf imakuuzani dzina la chinthu. Ayi, imangokulozerani. Mukasintha pepala, chosungunulira kapena kutentha kwa tsikulo, Rf imasinthanso. Ya m'mawa wozizira wa mu Julaye ku Tsangano singafanane ndendende ndi ya masana a mu Okutobala ku Bwanje. N'chifukwa chake m'labotale timaika chinthu chodziwika pambali pa chokayikitsacho, pa pepala limodzi, ziyendere limodzi. Zikaima pa misinkhu yosiyana, ndiye n'zosiyana ndithu. Zikaima pamodzi, mwina ndi chimodzi, mwinanso ndi ziwiri zongoyenda mofanana, ndipo timabwereza ndi chosungunulira china tisanatsimikize. Chimodzimodzinso dontho limodzi lokha silitsimikizira kuti chinthu n'chosasakanikirana ndi china.

Ana adzakufunsani kuti zimenezi n'zantchito yanji kumudzi kuno. Yambani ndi kachipangizo koyezera malungo ka ku chipatala, kamene pafupifupi aliyense wa iwo anabayidwirapo chala. M'kati mwake muli kapepala. Kadontho ka magazi ndi timadzi timene adokotala amadonthezapo zimayenda m'kapepalako, ndipo pa mzere wina anaikapo zinthu zogwira puloteni ya tizilombo ta malungo yokha, zina zonse n'kudutsa. Ikagwidwa, mzere umaoneka. Mzere winawo umangotsimikiza kuti timadzi tayenda bwino. Zoyezera mimba ndi zoyezera HIV zapompopompo zimayendera nzeru yomweyi.

Kenako auzeni za chuku cha mtedza ndi chimanga. Mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil, ndipo pofufuza anapeza poizoni wopangidwa ndi nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus, amene anamutcha aflatoxin. Atamulekanitsa ndi chromatography n'kumuunika ndi kuwala kwa ultraviolet, madontho ena anawala mwabuluu, ena mobiriwira, ndipo maina akuti B1, B2, G1 ndi G2 anachokera pa zilembo zoyamba za mitundu iwiriyi m'Chingerezi. Poizoniyu amaononga chiwindi, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Maiko a European Union salola mtedza wodya anthu kupitirira mamaikulogalamu 4 a aflatoxin pa kilogalamu. Kuti ana amve kuchepa kwake, ndi magalamu 4 m'matani 1,000, kapena kuti m'matumba 20,000 a makilogalamu 50. Diso silingaone zimenezo, lilime silingalawe. Mlimi amene amawaza madzi mtedza kuti usavute kusenda, kapena kuusunga usanaumitsitse, akuitana nkhungu imeneyi, ndipo chimene chimadzaulula ndi chromatography ya m'malabotale oyeza zakudya, ntchito imene kuno kwathu ili m'manja mwa mabungwe ngati Malawi Bureau of Standards.

Pa mankhwala achinyengo napo njira ndi yomwe ndafotokoza ija yoyendetsa ziwiri limodzi. M'malo mwa pepala amagwiritsa ntchito kambale kopyapyala kopakidwa silica, njira yotchedwa TLC. Amasungunula piritsi lokayikitsa, kaya la malungo kaya lina, n'kulidontheza pambali pa mankhwala enieni. Dontho likasowa, m'piritsimo mulibe mankhwala. Likaoneka lofooka, alimo ochepa. Bungwe la Global Pharma Health Fund linakonza kabokosi konyamulika kotchedwa Minilab kochitira zimenezi kutali ndi labotale yaikulu, ndipo kamagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri a mu Africa. Makina akuluakulu asintha liwiro ndi kuona patali, osati mfundo. M'njira yotchedwa HPLC, pampu imakankha chosungunulira mwamphamvu m'kapaipi kachitsulo kodzaza ndi timibulu tosalala kwambiri. Mu gas chromatography, imene Martin yemwe uja ndi Anthony James anaionetsa mu 1952, chonyamula ndi mpweya, ndipo ndi imene imatha kusiyanitsa methanol wochititsa khungu ndi ethanol m'chakumwa. M'makinawa sitiyeza mtunda koma nthawi imene chinthu chatenga kuti chitulukire mbali ina, monga anthu atatu a pa Lizulu aja mutaima ndi wotchi potulukira msika.

Pa tsiku lobwereza, yesani nokha madzulo ake ndi maka omwewo ndi pepala lomwelo, chifukwa mamaka ena akuda ali ndi utoto umodzi wokha kapena sachoka ndi madzi, ndipo ndi bwino muwadziwiretu. Madontho a masamba muwakonzeretu m'mawa, poti nyengo yozizira ya kwanuko amachedwa kuuma. Gawani ana m'magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, gulu lililonse botolo lake, pensulo ndi rula. Kapepala ka masentimita 10 ka filter paper kamatha mkati mwa piriyodi imodzi ngati mwakaviika koyambirira, ndipo nthawi yodikirayo ndi yokambira za msika ija. Mapepala akauma, gulu lililonse lilembe ndi pensulo dzina la inki, chosungunulira ndi tsiku, limate m'kope. A masamba muwayeze tsiku lomwelo ndi kuzunguliza mizere yake ndi pensulo, chifukwa chlorophyll amafwifwa msanga akakhala pa kuwala.